Dzala Limene Linasanduka Munda

Ana inu, tengani mapu a dziko lonse lapansi, ndipo aphunzitsi akuthandizeni kupeza dziko la United States of America. Kum'mawa kwa dzikolo, m'mphepete mwa nyanja yamcere ya Atlantic, mudzaona mzinda wa New York. Uwu ndiwo mzinda waukulu kuposa yonse m'dzikomo, ndipo mumakhala anthu oposa 8 miliyoni. Mbiri yathu ya lero icokera kumeneko. Tikamba za anthu wamba amene anatenga makasu ndi mafosholo, popanda wowalemba nchito kapena wowalipira, nasandutsa malo otayapo zinyalala kukhala minda yopumuliramo anthu onse.

M'zaka za pakati pa 1960 ndi 1980 mzinda umenewu unali pa mavuto aakulu. Mafakitale ambiri anatsekedwa, ena anasamukira kwina, ndipo mabanja opeza bwino anacoka kukakhala kunja kwa mzinda. Anthu okhoma msonkho atacepa, ndalama za khonsolo zinacepanso, kotero kuti mu 1975 khonsoloyo inatsala pang'ono kulephera kubweza ngongole zake. Anchito ake ambiri anacotsedwa, ndipo mapaki anasowa owasamalira. M'madera a anthu osauka, eni nyumba ena anaona kuti lendi imene anali kulandira sinali kukwanira msonkho ndi kukonzetsa nyumbazo, cotero anangozisiya. Zambiri zinapsa ndi moto, zina zinagwetsedwa. Pamene kale panali nyumba panatsala mabwinja, ndipo malowo anagwera m'manja mwa khonsolo cifukwa ca msonkho wosalipidwa. Anthu anayamba kutayapo matayala akale, zitini, mabotolo osweka ndi mipando yothyoka. Makoswe anaswana, ndipo makolo anali kuopa kulola ana ao kusewera panja.

Mmodzi mwa anthu oyamba kucitapo kanthu anali mayi wacikulire wakuda, Hattie Carthan, wobadwa mu 1900. Iwo anali kukhala ku Bedford-Stuyvesant, m'cigawo ca mzindawo cochedwa Brooklyn. Pofika 1964, mu msewu wao wa Vernon Avenue munatsala mitengo itatu cabe. Mayi Carthan anaitana anansi ao, napanga nao bungwe la anthu a mu msewuwo. Anasonkhanitsa ndalama pang'onopang'ono, nagula mitengo, naibzala m'mbali mwa msewu. Anthu a m'misewu ina ataona mthunziwo anatengera citsanzo, ndipo pamapeto pake mitengo yoposa 1,500 inabzalidwa m'deralo.

Mayiwa anadziwa kuti kubzala mtengo ndi nchito ya tsiku limodzi, koma kuulera kufuna zaka. Ndico cifukwa cake mu 1971 anayambitsa gulu la acinyamata lochedwa Neighborhood Tree Corps, m'mene anyamata ndi atsikana anali kuphunzira kuthirira mitengo, kuitengulira ndi kuiteteza. Anapulumutsanso mtengo waukulu wa magnolia pa Lafayette Avenue, umene unali pafupi kudulidwa pokonza malo omangapo. Mu 1970 khonsolo inaulemba mtengowo m'gulu la zinthu zofunika pa mbiri ya mzinda, zimene lamulo liletsa kuononga. Mayi Carthan anamwalira mu 1984.

Tsopano tiwoloke mtsinje wa East River tipite pa cisumbu ca Manhattan. Kumeneko, m'dera la Lower East Side, kunali mayi wacitsikana wodziwa kujambula zithunzi, dzina lake Liz Christy. Mu 1973 iye ndi anzake anapanga gulu limene analicha Green Guerillas. Liwu lakuti guerilla limanena za asilikali omenya nkhondo mobisalira, koma zida za gulu ili zinali mbewu. Popeza mabwinja ambiri anali ochingidwa ndi mipanda ya waya, iwo anali kuika mbewu za maluwa, feteleza ndi madzi m'timabaluni, namatiponya pamwamba pa mpanda. Kabaluni kakaphulika, mbewu zinali kumwazika ndi kumera pakati pa zinyalala.

Posakhalitsa anaona kuti kuponya mbewu kokha sikukwanira. Pa mphambano ya misewu ya Bowery ndi Houston Street panali bwinja lalikulu lodzaza zinyalala. Liz Christy ndi anzake analowamo nayamba kuzicotsa ndi manja ao. Nthaka ya pamenepo inali yosakanizika ndi njerwa zosweka, motero anacita kubweretsa dothi laconde kucokera kwina. Anamanga mpanda, nakonza mabedi 60 a ndiwo zamasamba, ndipo pambuyo pake anabzala mitengo ndi maluwa. Tizindikire kuti poyamba analowa pamalopo opanda cilolezo. Koma anapita ku khonsolo kukapempha, ndipo mu Epulo 1974 khonsolo inawabwereka malowo pa lendi ya dola imodzi pa mwezi. Mundawo unachedwa Bowery Houston Community Farm and Garden.

Anthu a m'madera ena anabwera kudzaona ndi kudzafunsa nzeru. A Green Guerillas anawagawira mbewu ndi mbande, nawaphunzitsa kupanga manyowa, ndipo Liz Christy anali kuphunzitsanso za ulimi wa m'tauni pa wailesi. Minda yotere inaculuka. Mu 1978 khonsolo inakhazikitsa nthambi yochedwa Operation GreenThumb kuti izibwereka malo kwa magulu a anthu odzipereka ndi kuwathandiza ndi zipangizo. Liz Christy anamwalira mu 1985, ndipo munda wa pa Bowery unapatsidwa dzina lake.

Mungafunse kuti, kodi anthu amenewa anali kupindula ciani? Malipiro panalibe. Anali kubwera akaweruka ku nchito zao ndiponso pa Loweruka ndi pa Sondo. Wina anali kupalira, wina kuthirira, wina kukonza mpanda, wina kusunga kiyi wa cipata ndi kutsegulira alendo. Zinali ngati dima la kumudzi, pamene anansi amasonkhana kulima munda wa mnzao, kungoti munda uwu unali wa onse. Phindu lake linali ndiwo zatsopano, mthunzi m'nyengo yotentha, malo osewerapo ana, ndiponso kudziwana kwa anansi amene kale anali kungopitirirana m'njira.

Koma panali vuto limodzi lobisika. Nthaka inali ya khonsolo, ndipo khonsolo inali ndi mphamvu yoitenganso pamene ifunira. Pamene mzinda unali wosauka palibe amene anali kuifuna nthakayo. Cuma citabwerera m'zaka za m'ma 1990, malo anakwera mtengo, ndipo madera amene minda inawakongoletsa anayamba kukopa omanga nyumba. Meya wa nthawi imeneyo, Rudolph Giuliani, ananena kuti mzinda ufunika nyumba ndi ndalama za msonkho. Mfundoyo inali ndi mbali yake yoona, pakuti anthu ambiri anali kusowadi pokhala. Olima mindayo anayankha kuti mabwinja opanda kanthu analipo ambiri, ndipo panalibe cifukwa cofafanizira thukuta lao la zaka 20.

Mu Meyi 1999 khonsolo inakonza zogulitsa minda yoposa 100 pa okushoni, ndiko kuti wopereka ndalama zambiri ndiye atenge. Anthu anacita zionetsero m'misewu, ndipo ena anakasuma ku khoti. Kutatsala tsiku limodzi kuti malondawo acitike, mabungwe awiri anagula mindayo ndi madola oposa 4 miliyoni. Limodzi linali Trust for Public Land. Lina linali New York Restoration Project, limene woimba wochuka Bette Midler analiyambitsa mu 1995, ndipo nchito yake yoyamba inali kutola zinyalala m'mapaki osiyidwa a kumpoto kwa Manhattan.

Si minda yonse imene inapulumuka. Mu Febuluwale 2000 mathirakitala anagumula munda wa Esperanza pa East 7th Street, umene anthu anaulima zaka zoposa 20, ndipo apolisi anamanga ena mwa anthu amene anakana kucokamo. Loya wamkulu wa boma la cigawo ca New York, Eliot Spitzer, anatengera nkhaniyi ku khoti, ndipo khoti linayamba laimitsa kugumula minda. Mu 2002 iye ndi meya watsopano, Michael Bloomberg, anagwirizana kuti minda mazana angapo itetezedwe, ndipo ina iperekedwe kuti pamangidwe nyumba. Lero nthambi ya GreenThumb imathandiza minda yoposa 500. Munda wa Liz Christy ulipobe pa mphambano yomwe ija, ndipo ausamalira ndi anthu odzipereka. Muli mitengo yaitali ndi dziwe laling'ono la nsomba.

Ana inu, m'mbiri imeneyi gwirani zinthu zitatu. Coyamba, nchitoyi anaiyamba ndi anthu owerengeka amene anatopa ndi kuona dzala pafupi ndi nyumba zao. Caciwiri, inapitirira cifukwa anagawana zocita ndi kuphunzitsa ana, monga akulu amanenera kuti mutu umodzi susenza denga. Cacitatu, malo a anthu onse afunika cipangano colembedwa ndi eni nthaka, pakuti popanda ico khama la zaka zambiri lingathe kutha m'mawa umodzi.

Kwa aphunzitsi: mukatha kuwerenga nkhaniyi, tulukani ndi ana mukayendere bwalo la sukulu kapena malo ena osiyidwa pafupi nanu. Afunseni mafunso awa:

1. N'cifukwa ciani mabwinja anaculuka mu New York m'zaka za m'ma 1970?
2. Mayi Carthan anayambitsiranji gulu la acinyamata?
3. Kodi khonsolo ndi olima minda anasiyana maganizo pa ciani mu 1999?
4. Malo amene mwaonawo ndi a yani, ndipo mungapemphe cilolezo kwa yani musanabzalepo mtengo?

Ngati kalasi lanu lidzabzala mitengo, lembani pa bolodi maina a amene adzaithirira sabata iliyonse, osaiwala masiku a holide.