Kalikuleta ya Madola 395

Mu 1972 kampani ya Hewlett-Packard ya ku California inatulutsa HP-35, kalikuleta ya mabatani 35, pa mtengo wa madola 395. Bill Hewlett, mmodzi wa eni kampaniyo, ndiye anaumirira kuti izikwana m'thumba la shati. Pa makalikuleta akale amene ndimatolera, iyi ndi imene ndimanyadira nayo, ngakhale imasokoneza aliyense woigwira koyamba. Ilibe batani la =. Pofuna kuphatikiza 3 ndi 4, umadina 3, kenako ENTER, kenako 4, nkumaliza ndi +. Yankho limawala m'timanambala tofiira ngati makala a pa mbaula.

Zoyambirira kupangidwa zinali ndi chilema: masamu ena oyenera kubweza 2.02 ankabweza 2. Kampaniyo inalengeza poyera kuti aliyense abweze yake akonzeredwe, koma ambiri anangosunga zawo. Lero otolera amasaka zachilemazo kuposa zabwinobwino, makamaka zokhala ndi kadontho kofiira pafupi ndi poyatsira.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti ulemerero wa makinawa unatha msanga kwambiri. Mu 1971 Bowmar ya ku America inkagulitsa kalikuleta yongophatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa pa madola 240. Chaka chotsatira Casio ya ku Japan inatulutsa Casio Mini pa mayeni 12,800, yoonetsa manambala 6 okha, ndipo anthu anaikhamukira. Texas Instruments, imene inkagulitsa tizipangizo tam'kati kwa opanga makalikuleta, inayamba kupanganso ake. Amene ankadalira kugula tizipangizoto anapanikizika. Busicom, kampani ya ku Japan imene inaitanitsa chipangizo cha Intel 4004, inagwa mu 1974, Bowmar mu 1975. Pofika 1976, TI-30 ya Texas Instruments, yotha masamu a sayansi, inkagulidwa pa madola pafupifupi 25. Chinthu chotsika mtengo chotero anthu sachisamala, n'chifukwa chake zambiri zinathera kudzala.

Zopulumuka nazonso zili ndi mdani wake. Manambala ofiira aja ankadya moto kwambiri, choncho makina ambiri ankakhala ndi mabatire otchaja. Akaiwalika m'kabati zaka 40, mabatirewo amatulutsa ufa woyera kapena wobiriwira umene umadya tizitsulo ndi mawaya. Ndikapeza kalikuleta yakale sindithamangira kuiyatsa. Ndimayamba ndatsegula kumbuyo, nkuchotsa mabatire, kenako nkupukuta tizitsuloto ndi thonje lonyowetsa mu viniga.