Gitala ya Mapepala ndi Cinsinsi ca Thabwa

Munthu wolowa m'sitolo kukagula gitala amaona magitala awiri ofanana maonekedwe, koma ina igulidwa ndi malipiro a sabata imodzi, inzace ndi a caka cathunthu. Kodi kusiyana kwace kuli pati? Yankho liri m'thabwa, ndipo mbiri yace iyambira ku Spain.

Kumeneko kunali mmisiri dzina lace Antonio de Torres, amene anabadwa mu 1817 pafupi ndi mzinda wa Almería namwalira mu 1892. Iye ndiye anakuza thupi la gitala kufikira msinkhu umene tiudziwa lero. Thabwa la pamaso analisema la mtengo wa spruce, mbale wace wa paini, naliphwatsitsa ndithu, nalicirikiza mkati ndi timitengo toyalidwa ngati zala za dzanja lotambasula. Torres anakhulupirira kuti liu la gitala licokera m'thabwa limenelo, pakuti nsambo ikakhudzidwa, ndilo limanjenjemera monga cikopa ca ng'oma.

Pofuna kutsimikiza mau ace, mu 1862 anapanga gitala ya thabwa labwino pamaso, koma kumbuyo ndi m'mbali anaika mapepala omatidwa. Gitalayo inalira bwino, ndipo isungidwa mu Museu de la Música ku Barcelona.

Komabe ogula anakonda mitengo yokongola ya kumbuyo, makamaka rosewood wa ku Brazil. Anaudula kwambiri mpaka unasowa. Kampani ya Martin ya ku America inaleka kuugwiritsa nchito pa magitala ace a masiku onse mu 1969, ndipo mu 1992 pangano la maiko la CITES linaletsa malonda a mtengowo pakati pa maiko. Cifukwa cace magitala akale a mtengo umenewo adula koposa.

Nanga munthu wa ndalama zocepa? Iye anapulumutsidwa ndi pulayiwudi. Amisiri a m'mafakitale amatenga timatabwa topyapyala, namata ndi guluu, kena cotalika, kena copingasa. Thabwa lotere silinjenjemera momasuka, motero liu lace licepa ndi kutha msanga. Koma liri ndi ubwino wace: silifulumira kung'aluka ndi dzuwa la Okutobala, silisamala cinyezi ca dzinja, ndipo lipirira ulendo wa pa njinga. Magitala otsika mtengo otere, monga a Gallotone ocokera ku South Africa, anafika m'makomboni a migodi zaka za m'ma 1950, pamene nyimbo za gitala zinali kufala pa wailesi ndi pa magalamafoni.

Tsono wogula ayang'ane m'mphepete mwa ciboo ca pakati. Ngati mizere ya mtengo itsika kupyola thabwa lonse, ndilo thabwa lenileni; ngati aona timatabwa tosanjikizana, ndiye pulayiwudi. Wa ndalama zowerengeka atsate nzeru ya Torres: alipire thabwa la pamaso, za kumbuyo zibwere pambuyo.