Magetsi akathima dziko lonse nthawi imodzi: chimachitika n'chiyani, nanga kompyuta ingathandize bwanji?

Pali kuthima kwa magetsi kwa mitundu iwiri komwe anthu timasokoneza pa Facebook. Kwina ndi kuja kwa ndondomeko, lero Ndirande mawa Area 25, chifukwa magetsi ndi ochepa. Kwina ndi kuja kongoti phi! dziko lonse nthawi imodzi. Nkhani yathu ili pa kwachiwiriku.

Sikelo ya ma hertz 50

Magetsi sasungika m'mawaya. Amene EGENCO ikupanga ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pamtsinje wa Shire ayenera kufanana, sekondi iliyonse, ndi amene tonse tikugwiritsa ntchito kudzera ku ESCOM. Zikafanana, majenereta onse amayendera limodzi pa ma hertz 50. Madzulo tikayatsa makuka ndi ma TV, katundu amachuluka, majenereta amalemedwa, nambala ija n'kutsika. Ikatsika kwambiri, makina amadzizimitsa okha kuti asapse. Amodzi akachoka, otsalawo amalemedwa kwambiri, basi onse kugwa motsatizana.

Njira yakale ndi yatsopano

Jenereta iliyonse ili ndi kachipangizo kotchedwa governor. Kakaona kuti liwiro latsika, kamatsegula madzi ambiri. Vuto ndi loti kamadikira zinthu ziyambe zavuta kaye, pomwe madzi amatenga masekondi angapo kuti afike ndi mphamvu.

Njira yolosera, yomwe mainjiniya amaitcha Model Predictive Control, imachita ngati dalaivala wa minibasi amene amasinthiratu giya akaona chitunda, osati galimoto itayamba kale kubwerera m'mbuyo. Kompyuta imatenga miyezo ya panopa, zanyengo ndi momwe anthu amagwiritsira ntchito magetsi pa ola limenelo, n'kuwerengera zomwe zichitike m'mphindi zikubwerazo. Kenako imakonza pulani, kulamula majenereta kuchita sitepe yoyamba yokha, kuyezanso, n'kukonzanso pulani ina. Njirayi idayambira m'mafakitale oyenga mafuta m'zaka za m'ma 1970.

Chifukwa chake ikutikhudza

Mu 2021 ku Salima kudatsegulidwa sola ya ma megawati 60. Ndi nkhani yabwino, koma mtambo ukaphimba dzuwa mphamvuyo imagwa m'kanthawi kochepa, ndipo pamagetsi ochepa ngati athu dzenje lake limamveka. Kompyuta yoona mtambowo usadafike ikhoza kukonzekeretsa majenereta a pa Shire. Mabatire nawo amathandiza, chifukwa amayankha sekondi isanathe. Sola ya ku Golomoti m'boma la Dedza, ya ma megawati 20, ili ndi batire la ma megawati 5.

Koma tisanamizane

Kulosera sikupanga magetsi. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, ma megawati pafupifupi 130 adachoka, ndipo palibe kompyuta ikadawabweza. Ntchito yake ndi yoteteza ochepa omwe alipowo kuti asagwe onse. Ndiye tsiku lina magetsi akadzapita, musanalembe positi yaukali, funsani kaye anzanu a ku Mzuzu ndi ku Zomba ngati kwawo akuyaka. Yankho lawo likuuzani vuto lomwe mukulimbana nalo.