Mapu Akale ndi Njira Zotayika za ku England ndi Wales

Njira imakhala ndi moyo malinga ngati mapazi akuipondabe. Anthu akaleka kudutsamo, minga ndi ziyangoyango zimamera, ndipo m'zaka zowerengeka nkhalango imaimeza. Nkhani ya lero ikufotokoza m'mene anthu a ku England ndi Wales akhala akupezeranso njira zotere mothandizidwa ndi zolembedwa zakale.

Lamulo la kumeneko limati njira imene inali ya anthu onse sileka kukhala yawo chifukwa chongosiyidwa, ngakhale idutse m'munda kapena m'nkhalango ya mwini. M'chaka cha 1949, nyumba ya malamulo inalamula makhonsolo kuti ajambule mapu osonyeza njira zonse zoterezi. Koma polemba, zambiri zinatsala. Tsono njira yosalembedwa, mwini malo akaitchinga ndi mpanda, oyenda ankasowa ponenera.

Umboni wa njira zimenezi uli m'nyumba zosungira zolembedwa zakale. Poyamba pali mapu a bungwe la boma loyeza malo, la Ordnance Survey, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ankaika zilembo za F.P. pambali pa tinjira ta oyenda pansi. Komatu mapuwa amangochitira umboni kuti njira inalipo. Sanena amene anali ndi ufulu woyendamo. Apa ndi pamene mabuku a msonkho amathandiza. Lamulo la 1910 linafuna kuti malo onse ayesedwe mtengo wake, ndipo mwini malo akavomera kuti pamalo pake pamadutsa njira ya anthu onse, mtengowo unkatsitsidwa. Chotero eni malo ena, pofuna kupeputsa msonkho, anaulula okha, ndipo kuulula kwawo n'kumene patapita zaka zoposa 100 kwasanduka kiyi wotsegulira zipata zotsekedwa.

Wofufuza akatha kuwerenga amalowa m'nkhalango ali ndi mapu kumanja. Nthawi zina amapeza ngalande yaitali pakati pa mitengo, imene mapazi, ziboda ndi madzi a mvula zinakumba pang'onopang'ono.

Lamulo la 2000 linaika malire: njira zakale zosalembedwa pofika pa 1 January 2026 zikanatayika kotheratu. Poona ngoziyi, m'chaka cha 2020 bungwe la oyenda pansi la Ramblers linapempha anthu odzipereka kuti ayerekeze mapu akale ndi atsopano. Iwo anapeza mamailo oposa 49,000 a njira zimene zikuoneka kuti zinasiyidwa. Ku England tsikulo linasunthidwira ku 2031, kenaka mu December 2024 boma linalengeza kuti lidzachotseratu malirewo.

Komabe kupeza njira pa mapu ndi chiyambi chabe. Njira iliyonse imafuna pempho lakelake ku khonsolo, pamodzi ndi umboni, ndipo mwini malo ali ndi ufulu wotsutsa. Milandu ina imatha zaka zambiri isanagamulidwe.