Land Rover ndi anthu okana kuitaya

Pa 29 Januwale 2016, ogwira ntchito pa fakitale ya ku Solihull, ku England, anasonkhana kudzaona Land Rover Defender yomaliza ya mtundu wakale ikutuluka. Kuchokera mu 1948, magalimoto a banja limeneli oposa mamiliyoni awiri anali atapangidwa. Fakitale inaleka kuwapanga, koma magalimotowo akuyendabe, ndipo owayendetsa ambiri ndi eni ake omwe amawakonza okha. Loweruka lililonse ku Britain, ku South Africa ndi ku Australia kuli aphunzitsi, alimi ndi agogo opuma pantchito amene amagona chagada pansi pa galimoto, sipanala m'manja, oyilo mpaka m'zigongono, popanda wowatuma kapena wowalipira. Amangoikonda ntchitoyo. Chikondi chimenechi chinayambira kunkhondo.

Mu 1940 asilikali a ku America ankafuna kagalimoto kopepuka, kokoka ndi matayala onse anayi. Kampani yaing'ono ya American Bantam inapanga koyamba m'masiku 49 okha, koma ntchito yopanga ambiri inagwera Willys-Overland ndi Ford, amene pofika 1945 anali atatulutsa ma Jeep oposa 600,000. Galimotoyo inali yoti msilikali wamba atha kuikonza m'thengo ndi zida zochepa. Nkhondo itatha, ma Jeep otsala anagulitsidwa motchipa, ndipo ambiri owagula anali anyamata omwe aja ankawaphwasula kunkhondo.

Imodzi mwa ma Jeep amenewa inkagwira ntchito pa famu ya Maurice Wilks, pachilumba cha Anglesey ku Wales. Wilks anali mkulu wa okonza mapulani a magalimoto ku kampani ya Rover, yomwe mkulu wake Spencer ankaiyendetsa. Zimanenedwa kuti mu 1947 Maurice anajambula galimoto yatsopano pamchenga wa ku Red Wharf Bay pofotokozera mbale wakeyo. Nthawiyo chitsulo chinali chosowa ndipo boma linkachigawa moyezera, pamene aluminiyamu ankapezeka chifukwa ndege za nkhondo zinali zitasiya kupangidwa. Ndiye thupi analipanga la aluminiyamu, malata ophwatalala osafuna makina ambiri opindira, nalikhazika pa chasisi cha chitsulo chowotcherera. Penti wobiriwira uja wa magalimoto oyamba anali wotsala kwa asilikali. Pa 30 Epulo 1948 galimotoyo inaonetsedwa ku Amsterdam, ndi injini ya petulo ya malita 1.6, pamtengo wa £450. A Rover ankaiona ngati yongogwirizira podikira kuti malonda a magalimoto apamwamba abwerere. Posakhalitsa ndi imene inkagulidwa kuposa enawo.

Kusowa kuja n'kumene kunabala galimoto yokonzeka ndi manja. Pa Land Rover yakale yotchedwa Series pafupifupi chilichonse n'chomanga ndi mabawuti: zitseko, denga, malata a pamatayala, ngakhale pansi popondapo. Ukafuna giyabokosi umamasula pansi ndi bokosi la mipando, n'kuiona pamtunda osakumba dzenje. Batire ikafa, pali chitsulo chopukusira injini kutsogolo. Pambali pa giya pali timitengo tiwiri. Ka mutu wachikasu ukakakanikiza pansi, matayala akutsogolo nawo amayamba kukoka. Ka mutu wofiira ukakakokera kumbuyo, galimoto imalowa m'magiya amphamvu, kumayenda pang'onopang'ono koma osagonja pachitunda. Munthu woyendetsa amamva ndi dzanja lake chitsulo chikulowa m'chinzake, ndipo akamva zimenezo kwa chaka chimodzi amayamba kufuna kuona mkati.

Zolakwika zake nazo zinaphunzitsa anthu. Oyilo amadontha pa injini, pa giyabokosi ndi pa mipira yachitsulo ya kumatayala akutsogolo. Mashafiti a kumbuyo amathyoka ukaumiriza galimoto yolemedwa pamwala, n'chifukwa chake oyenda ulendo wautali ankanyamula shafiti yapadera. Koma mdani wamkulu ndi dzimbiri. Thupi la aluminiyamu limapusitsa: kunja kumaoneka bwino pomwe chasisi chadyeka ngati nsichi yolowa chiswe. Matope amalowa m'mphako za chitsulocho, kusunga chinyezi, n'kumadya kuchokera mkati. Pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo pamatuluka ufa woyera, ndipo m'munsi mwa zitseko mumabooka. Mwini galimoto yotere akapanda kuphunzira kuwotcherera, ndalama zake zimathera ku galaja.

Kuchoka pa kukonza kufika pa kusintha ndi pafupi. Ku America, Arthur Warn anayamba mu 1948 kupanga tizipangizo tomasula matayala akutsogolo a Jeep kuti pa tala asamazungulitse mashafiti pachabe, ndipo mu 1959 kampani yake inatulutsa winch yamagetsi, chingwe chachitsulo chodzikokera nacho m'matope. Mu 1953 eni ma Jeep anachita ulendo woyamba wa Jeepers Jamboree, kuchokera ku Georgetown m'chigawo cha California kudutsa njira yamiyala ya Rubicon, ndipo ukuchitikabe. Ku Australia, Tony Brown atayenda pa Land Rover kupita ku Cape York anaona mabampala ndi zonyamulira katundu za padenga zikuthyoka ndi mabampu. Atabwerera ku Melbourne mu 1975 anayamba kuwotcherera zake zolimba, ndipo ndimo munachokera kampani ya ARB. Komweko anthu ankazula injini ya Land Rover n'kuikamo ya Holden. Ku South Africa fakitale yeniyeni ya ku Rosslyn inachita zofananazo kuyambira mu 1997, poika injini ya BMW ya malita 2.8 mu Defender.

Kwathu kuno nkhani inayenda mosiyana. Land Rover inafika m'masiku a Nyasaland ngati galimoto ya boma: ya bwana DC, ya apolisi, ya kumishoni, ya kuchipatala. Kuikonza sikunali kosangalatsira Loweruka. Galimoto ikafera pakati pa msewu wafumbi m'dzinja, wodwala ali kumbuyo, dalaivala ndi makaniko ankayenera kupeza nzeru pomwepo, kaya ndi waya, kaya ndi mphira wodula ku chubu. Luso limene anzathu akunja amalipeza m'magazini ndi m'makalabu, amisiri athu analipeza pa mavuto, ndipo ine ndimaona kuti sitinawalemekeze mokwanira. Makaniko wa ku Ndirande womvetsera injini n'kunena kuti vuto lili pa pampu ya dizilo asanamasule bawuti ndi limodzi lomwe, ali ndi maphunziro enieni ngakhale alibe pepala.

Kenaka kunabwera Toyota. Galimoto yawo yoyamba ya mtundu umenewu, BJ, inapangidwa mu 1951, n'kupatsidwa dzina la Land Cruiser mu 1954. Mtundu wa 40 unatuluka mu 1960, wa 70 mu 1984, ndipo mu 1990 kunabwera injini ya 1HZ, ya dizilo, masilinda 6, malita 4.2, yopanda kompyuta. Siyothamanga, koma imapirira katundu ndi dizilo wosasefedwa bwino. Sinkawonongeka pafupipafupi ndipo masipeya ake ankapezeka, choncho maboma ndi mabungwe mu Africa anasamukirako. Lero ambulansi yofika kumudzi kwenikweni nthawi zambiri imakhala Land Cruiser.

Maonekedwe amene ambiri amawalakalaka lero anachokera ku mpikisano wa Camel Trophy. Unayamba mu 1980 ku Brazil ndi ma Jeep, koma kuyambira 1981 ankagwiritsa ntchito magalimoto a Land Rover. Unafika ku Zaire mu 1983, ku Madagascar mu 1987, ndi ku Tanzania ndi Burundi mu 1991. Zithunzi za magalimoto achikasu ali m'madzi mpaka pa boneti, nyali zili ndandanda padenga, zinazungulira dziko lonse, ndipo aliyense anayamba kufuna zomwezo.

Apa m'pofunika kunena chilungamo, chifukwa si kusintha konse kumene kumathandiza. Paipi yokwezera mpweya wa injini pamwamba, imene amati snorkel, ili ndi ntchito: injini ya dizilo ikameza madzi zitsulo za mkati zimapindika, ndipo pamsewu wafumbi mpweya wa m'mwamba umakhalako woyera. Koma paipiyo payokha sikwanira ngati timabowo topumira ma difu ndi giyabokosi tatsala pansi, poti madzi amalowera momwemo oyilo n'kusanduka woyera ngati mkaka. Chipangizo chotseka difu kuti matayala awiri azungulire limodzi chimapulumutsa pamene tayala limodzi lili m'malere. Zina n'zongodzionetsera, ndipo zimaika moyo pachiswe. Kukweza galimoto kwambiri ndi masipuling'i ataliatali, kenaka kusanjika zigubu za mafuta ndi tenti padenga, kumaichititsa kugubuduka msanga pakona. Matayala aakulu mopitirira muyeso amathyola mashafiti ndi kufooketsa mabuleki. Odziwa amayamba ndi matayala abwino, fosholo, jeke yodalirika ndi chingwe chokokera, ndipo pamchenga amaphwetsako matayala asanaganize zogula china chilichonse.

Chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi kompyuta. Injini za Land Rover za 200Tdi ndi 300Tdi, za m'zaka za m'ma 1990, zinali zoti munthu atha kuzimvetsa ndi maso ndi makutu. Mu 1998 kunabwera Td5, yoyendetsedwa ndi kabokosi ka magetsi, ndipo sipanala yokha inasiya kukwanira. Defender yatsopano ya 2020, yopangidwira ku Nitra m'dziko la Slovakia, ilibenso chasisi chapadera chomasuka ku thupi. Ndi galimoto yamphamvu ndi yabwino kukwera, koma si yophwasulira pansi pa mtengo wa mango. Mpata umene inasiya ndi umene wamalonda Jim Ratcliffe anafuna kutseka ndi Ineos Grenadier mu 2022, ndipo Toyota ikupangabe Land Cruiser 70.

Zotsatira zake n'zakuti magalimoto akale akwera mtengo. Mu 2016 kampani ya Land Rover nayo inayamba kugula ma Series I akale, kuwakonza ndi kuwagulitsanso. Ku Britain kuli makampani opanga chasisi chatsopano choviikidwa mu zinki kuti chisachite dzimbiri, ndipo masipeya a galimoto ya zaka makumi asanu amapezekabe atsopano. Munthu wogula chiphakasa amayamba ndi kugogoda chasisi ndi nyundo kuti amve pamene padyeka. Akatero amamasula thupi lonse, kusunga mabawuti m'zitini zolemba mayina, kusamutsira ma difu, injini ndi giyabokosi pa chasisi chatsopano, n'kumanganso pang'onopang'ono. Kwa wogwira madzulo ndi Loweruka lokha, ntchitoyi imatha zaka, ndipo ndalama zolowapo kawirikawiri zimaposa zimene angapeze ataigulitsa.