Lumo la Mnyanga

Kwathu ku Salima, m'mphepete mwa nyanja, mbiri sikhala m'mabuku mokha. Ine ndimaiwerenganso pa malumo akale opinda amene ndimakonza. Dzimbiri ndimalichotsa ndi mafuta ndi sandipepa wosalala, kenaka ndimanola lumolo pamwala ndi palamba wachikopa. Koma nkhani yaikulu ili pachigwiriro.

Chigwiriro cha pfupa chimakhala ndi timadontho takuda, momwe munkadutsa mitsempha ya magazi. Cha seluloidi, pulasitiki wa John Wesley Hyatt wa m'ma 1870, ukachikhula chimanunkha ngati mafuta a kamfa. Cha mnyanga wa njobvu chili ndi timizere topingasana kumapeto kwake.

Ndikaona timizere timeneti, mtima umandiwawa. M'zaka za m'ma 1800, Jumbe wa ku Nkhotakota ndi mfumu Makanjira ya kutsidya ankagulitsa minyanga yodzera panyanja yomweyi, akapolo n'kuisenza mpaka ku Kilwa. Kuchokera ku Zanzibar, ina inkakafika ku Sheffield, kumene kampani ya Joseph Rodgers inkasula malumo.

Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989. Lumo lotere sindigulitsa ayi. Ndimalisunga, pakuti ndilo mboni ya anthu amene anasenza mnyangawo, amene maina ao sanalembedwe.