Ulendo Wokacheza Kunja kwa Nzika za Indonesia

Indonesia ndi dziko la zilumba zoposa 17,000, ndipo kalembera wa mu 2020 adapeza kuti muli anthu opitirira 270 miliyoni. Nzika zake zikamatuluka m'dziko, zambiri zimalowera ku Malaysia ndi ku Singapore, ndipo chikhamu china chimapita ku Saudi Arabia pa ulendo wachipembedzo wa umrah. Kwa munthu wokhala ndi pasipoti ya Indonesia, mayiko a padziko lapansi amagawika pawiri. Ena amamulandira akangoonetsa pasipoti pa chipata, pomwe ena amafuna kuti ayambe wapereka umboni wakuti ali ndi ndalama zokwanira komanso kuti adzabwerera kwawo. Dongosolo lonse la ulendo limatsamira pa kusiyana kumeneku, ndipo wogula tikiti asanafufuze za viza amakhala wayambira kumapeto.

Pasipoti

Pasipoti imaperekedwa ndi nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ya Direktorat Jenderal Imigrasi. Wofuna pasipoti amalembetsa ndi kusankha tsiku kudzera pa pulogalamu ya pafoni ya M-Paspor, kenako amakaonekera yekha kuti akamujambule, kumudinda zala ndi kumufunsa mafunso. Kuyambira mu Okutobala 2022, munthu wa zaka 17 kapena kuposerapo akhoza kulandira pasipoti ya zaka 10, pomwe kale zonse zinali za zaka zisanu. Pali pasipoti wamba ndi ya makono yokhala ndi kachipangizo kosunga mbiri ya mwiniwake m'chikuto. Pa mitengo imene idayamba mu Disembala 2024, ya makono ya zaka zisanu ndi marupiya 650,000 ndipo ya zaka 10 ndi marupiya 950,000. Ya makonoyi ndi yokwera mtengo kuposa inzake, koma kwa woganiza zopita ku Japan ndalama yowonjezerayo imadzibweza yokha.

Mayiko ambiri amafuna kuti pasipoti ikhale itatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe mphamvu, ndipo makampani a ndege amabweza munthu pa bwalo pomwepo ngati masikuwo aperewera. Palinso zovuta ziwiri zimene zakhala zikugwera anthu a ku Indonesia mwapadera. Choyamba ndi dzina. Anthu ambiri, makamaka a pa chilumba cha Java, ali ndi dzina limodzi lokha, pomwe mafomu a viza ndi a matikiti amafuna dzina loyamba ndi la bambo. Pa viza ya ku America, munthu wotere amamulembera zilembo za FNU pamalo a dzina loyamba, ndipo makampani ena a ndege amauza munthu kuti alembe dzina lomwelo kawiri. Chofunika n'chakuti zolembedwa pa tikiti zifanane ndi za m'pasipoti. Lamulo la mu 2022 lidakhazikitsa kuti mayina olembetsedwa kumene azikhala a mawu osachepera awiri, koma akuluakulu a dzina limodzi akadalipo ochuluka. Chachiwiri chidaonekera mu Ogasiti 2022, pamene dziko la Germany lidakana mapasipoti a Indonesia opanda malo osainira, mpaka eni ake adachita kubwerera ku maofesi kukawonjezera siginecha yovomerezeka.

Kumene viza sifunika

Mu 2006 mayiko a m'bungwe la ASEAN, limene Indonesia ndi membala wake, adasainirana pangano lakuti nzika zawo zizichezerana popanda viza. Motero munthu wa ku Indonesia amalowa ku Singapore, Malaysia, Thailand, Philippines, Vietnam, Cambodia ndi Laos ndi pasipoti yokha, ndipo mwa mayikowa ambiri amalola masiku 30. Hong Kong ndi Turkey nawonso amalola masiku 30. Ulendo woyamba wa anthu ambiri umakhala wa pafupi chonchi: wa ku Batam amaoloka pa boti kwa ola limodzi n'kufika ku Singapore, ndipo wa ku Pontianak amakwera basi kudutsa chipata cha Entikong kulowa m'chigawo cha Sarawak ku Malaysia.

Kusafunika kwa viza sikuchotsa mapepala onse. Singapore ili ndi fomu ya pa intaneti ya SG Arrival Card, Malaysia ili ndi MDAC, ndipo Thailand idayambitsa TDAC mu Meyi 2025. Mafomu onsewa ndi aulere ndipo amadzazidwa m'masiku atatu omaliza munthu asanafike. Pali masamba achinyengo amene amadzionetsa ngati a boma n'kumalipiritsa anthu, choncho fomu yotere ikafunsa nambala ya khadi la kubanki, ndi bwino kuisiya. Ofisala wa pa chipata akhozanso kufunsa tikiti yobwerera ndi malo amene munthu akagone.

Japan ili pakati pa mayiko ofuna viza ndi osafuna viza. Kuyambira mu Disembala 2014, wokhala ndi pasipoti ya makono amangolembetsa asananyamuke, ndipo amaloledwa kukhala masiku 15 pa ulendo uliwonse kwa zaka zitatu, kapena kufikira pasipotiyo itatha. Wa pasipoti wamba amafunsira viza monga mwa nthawi zonse.

Kumene viza imafunika

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Mayiko a ku Ulaya a m'pangano la Schengen amapereka viza imodzi yolola masiku 90 pa masiku 180 aliwonse. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90, kuwonjezera pa ndalama ya makampani olandira mapepala monga VFS Global ndi TLScontact. Pempho limaperekedwa kwa dziko limene munthu akakhalitseko, ndipo limalandiridwa kuyambira miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanachitike. Pamafunika inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, ndondomeko ya ulendo, kalata ya kuntchito yosonyeza kuti munthu wapatsidwa tchuthi, ndi sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu yapitayo.

Sitetimentiyi ndi imene imagwetsa ambiri. Ena amabwereka ndalama kwa achibale n'kuziponya m'akaunti sabata imodzi asanapereke mapepala, koma wowerenga ku ofesi ya kazembe amaona msanga kuti akaunti imene inkalandira malipiro ochepa mwezi ndi mwezi yatupa tsiku limodzi. Chimene amafufuza ndi ndalama zolowa mokhazikika ndi zinthu zomangirira munthu kwawo, monga ntchito, bizinesi, sukulu kapena banja. Ndalama ya viza sibwezedwa pempho likakanidwa, n'chifukwa chake ndi nzeru kusungitsa malo m'ndege ndi ku hotela m'njira yolola kusintha, m'malo molipiriratu zonse. Mu Julayi 2025 bungwe la European Union lidafewetsa malamulo kwa nzika za Indonesia, kotero kuti amene adalandirapo viza ya Schengen n'kuigwiritsa ntchito moyenera akhoza kupatsidwa ya zaka zingapo yolowera kambirimbiri.

Viza yokacheza ku America imafuna fomu ya DS-160, madola 185, ndi kukaonekera pamaso pa ofisala ku Jakarta kapena ku Surabaya. Ya ku Australia imafunsiridwa pa intaneti. Britain ndi South Korea nawonso amafuna viza.

Nyengo ndi ndalama

Matikiti amakwera mtengo pa Lebaran, chikondwerero chotsekera mwezi wa Ramadan, pamene boma limawonjezera masiku a tchuthi. Amakweranso pa tchuthi cha sukulu cha Juni ndi Julayi komanso kumapeto kwa Disembala. Nthawi zomwezi masiku okaonekera ku maofesi a viza amadzaza msanga. Msonkho wa fiskal, umene munthu ankalipira potuluka m'dziko, udathetsedwa pa 1 Januwale 2011.

Njira yolipirira ya QRIS, imene anthu a ku Indonesia adazolowera pogula ndi foni ngakhale chakudya cha m'mbali mwa msewu, tsopano imagwira ntchito m'masitolo ena a ku Thailand, Malaysia ndi Singapore, ndipo mu Ogasiti 2025 idafikanso ku Japan. Komabe si sitolo iliyonse imene imailandira, ndiye khadi ndi ndalama zochepa za m'manja zimafunikabe. Wonyamula ndalama zokwana marupiya 100 miliyoni kapena kuposerapo ayenera kuuza a kasitomu. Kanthu kena kamene kamaiwalika ndi pulagi: ya ku Indonesia ndi ya mano awiri obulungira, pomwe ku Singapore, Malaysia ndi Britain amagwiritsa ntchito ya mano atatu.

Chitetezo

Unduna wa za kunja uli ndi pulogalamu ya pafoni ya Safe Travel, imene imapereka machenjezo ndi manambala a maofesi a kazembe. Wotaya pasipoti kunja amakanena kupolisi, kenako amapita ku ofesi ya kazembe wa Indonesia kukatenga chikalata cha SPLP chomulola kubwerera kwawo, ndipo ntchitoyi imafulumira ngati ali ndi chithunzi cha pasipoti yotayikayo.

Zinthu ziwiri zowawa zaphunzitsa anthu kusamala. Mu 2017 kampani ya First Travel, imene inkatsatsa maulendo a umrah pa mtengo wotsika kwambiri, idagwa itatolera ndalama kwa anthu oposa 60,000 amene sadanyamuke, ndipo eni ake adamangidwa. Ambiri mwa anthuwa adali atasunga ndalamazo kwa zaka. Kufufuza ngati kampani ili ndi chilolezo cha boma kuyenera kuchitika munthu asanapereke khobidi limodzi. Chachiwiri ndi achinyamata onyengedwa ndi malonjezo a ntchito za malipiro apamwamba, amene amatuluka ngati okacheza n'kukapezeka atatsekeredwa m'nyumba zobera anthu pa intaneti ku Cambodia ndi ku Myanmar. Mu Malichi 2025 boma lidabweza anthu mazana kuchokera ku Myawaddy, ku Myanmar. Ichi n'chifukwa chake maofisala a pa bwalo la ndege la Soekarno-Hatta amafunsitsa achinyamata oyenda okha, ndipo wokacheza weniweni amadutsa mosavuta akaonetsa tikiti yobwerera ndi malo ogona.

Pobwerera

Katundu wogula kunja salipiridwa msonkho ngati mtengo wake sukupitirira madola 500 pa munthu mmodzi, ndipo zopitirira pamenepo zimadulidwa msonkho. Foni yogula kunja iyenera kulembetsedwa nambala yake ya IMEI kwa a kasitomu, makamaka pa bwalo la ndege pofika. Kuyambira mu 2020, foni yosalembetsedwa silandira netiweki ya makampani a mafoni a ku Indonesia.